Mpata wa Kuseri kwa Botolo Sitolo

Ine ndine Doris, ndipo ndimagulitsa mowa pa Limbuli. Ndayamba ndi kunena zimenezi kuti musavutike kuzungulira, chifukwa anthu a kuno akafuna kundilemekeza amati ndili ndi kashopu. Si kashopu ayi. Ndi botolo sitolo, yolembedwa dzina ndi penti wofiira, yoyang'ana msewu wopita ku Muloza. Muli mowa wam'mabotolo, muli timabotolo ta ukali tija amatikonda akabaza, ndipo pansi pa kauntala pamakhala galafawu, chibotolo chachikulu cha vinyo wofiira chimene a Ambrosio amandibweretsera panjinga kuchokera tsidya la Mozambique. Malowa anandisiyira ndi malemu bambo a Thokozani, ndipo mowa womwewu ndi umene waphunzitsa ana anga atatu.

Mpingo unandidula chaka chomwe ndinalandira makiyi. Sindinalimbane nawo. Lamulo ndinkalidziwa ndisanatsegule chitseko, ndiye ndikanadandaula chiyani? Chimene chakhala chikundipsetsa mtima ndi nkhani ya amayi anga.

Amayi anafa ziwalo mbali imodzi zaka ziwiri zapitazo. Ndinakawatenga ku Milonde n'kuwagoneka m'chipinda chakuseri kwa sitolo, mumpanda womwewu, kuti ndiziwatembenuza ndi kuwadyetsa kwinaku ndikugulitsa. Amayi amenewa mowa sanaulawepo chibadwire. Ngakhale thobwa likangogona tsiku limodzi amalikana. Analowa mumpingo ine ndisanabadwe, ndipo palibe amene anawadulapo. Abusa athu ali ndi nthambi zambiri, moti kuno amafika kamodzi pa miyezi itatu. Akamaliza Mgonero m'tchalitchi amazungulira m'makomo mwa odwala ndi mkate ndi chikho. Amafika ngakhale kwa nkhalamba za kutsidya kwa mtsinje, kovula nsapato powoloka. Kwa amayi anga okha sanafikeko. Akuluampingo anati geti lolowera kwathu lagundizana ndi khomo la botolo sitolo, ndiye abusa sangaoneke akulowa pamenepo. Tinayesapo kamodzi kuwakweza amayi panjinga kuti akalandirire kwina, koma anakomoka tisanafike ndi pamsika pomwe.

Chikhalirecho, mwezi wa Mgonero ukafika amayi amangofunsa mawu amodzi ndi pakamwa pawo popotokapo: "Abwera?" Ine n'kumati mwina ulendo winawo.

Tsono kuseri kwa mpanda wathu, pamene pali nthochi, pali mpata. Anauyamba ndi mbuzi, koma anaukulitsa ndi Akhristu. Aliyense amene sayenera kuoneka pakhomo la kumaso amadzera m'minda, n'kuwerama pansi pa nthochi, n'kutsokomola kawiri. Ndipo pali lamulo limene palibe analilemba koma mwamuna aliyense wa pa Limbuli amalidziwa: khomo la kumaso likakhala lotseka, kaya kwagwa maliro pafupi, kaya ndi nthawi ya mapemphero, mowa umatulukira kuseri.

Tsiku lina Loweruka mu Okutobala, dzuwa lili phwee, a ku esiteti ya tiyi atangolandira kumene malipiro, ndinamva kutsokomola kuseri. Ndinatenga botolo lozizira poganiza kuti ndi kasitomala wa masiku onse. Nditafika pa nthochi ndinapeza a Alufeyo, mkulu wampingo, atavala jekete m'kutentha konseko, thukuta lili chuchuchu pamphumi, m'khwapa atapana fulasiki ya tiyi. A Alufeyo amenewa ndi omwe anawerenga dzina langa kutsogolo tsiku londidula. Zaka zisanu ndi chimodzi akhala akuwoloka msewu akafika pasitolo yanga, ngati pali chitsime chosavundikira.

"Mwaswera bwanji, amake Thokozani?"

"Ndaswera. Mwasochera, bambo?"

Anayang'ana botolo lili m'manja mwangalo n'kuthawitsa maso. Anayamba ndi kufunsa za ana, za mvula ngati ibwere msanga chaka chino, za mtengo wa nandolo. Ine ndinangoima. Mkati anthu anali akumenya kauntala, ndipo ndinalibe nthawi yoperekeza munthu wamkulu kuzungulira phiri la Mulanje.

"Bambo, nenani chimene mwadzera."

"Kwagwa kangozi pang'ono," iwo anatero motsitsa mawu. "Vinyo wa Mgonero uja timaitanitsa ku Blantyre. Ndiye anafika dzulo, ndinampatsa wakabaza kuti akasiye kutchalitchi. Pa kamlatho paja tayala linalowa m'dzenje. Botolo phwaa. Mawa ndi Mgonero, ndipo abusa afika m'mawa."

"Sungunulani sikwashi."

"Abusa awa ndi ena. Amanunkhiza."

Ndinaseka, sindinama. Wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Ndinawasiya pa nthochipo n'kukatenga galafawu. Pa nkhani ya vinyo sindichita zachibwana. Ndinali ndi wamitundu iwiri, wowawasa amene amamwa aphunzitsi akafuna kuoneka ozindikira, ndi wotsekemera wopita bwino kukhosi. Ndinasankha wotsekemerayo, wa m'galafawumo, poganizira nkhalamba zimene zimalawa zinthuzi kanayi kokha pachaka, kuti zisakakwinye nkhope pamaso pa Mulungu. Ndinathira pang'ono m'kapu kuti alawe. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda nthochi.

"Ine sindilawa mowa."

"Nanga mawa mukamwa chiyani?"

"Mawa ukakhala utapemphereredwa."

Ndinatsuka fulasiki yawo, yomwe inali ikununkha tiyi wamkaka, n'kuidzaza mpaka pakhosi. Anapisa dzanja m'thumba koma ndinawaletsa. Maganizo anali atandibwerera pamene vinyo ankalowa mufulasikimo.

"Sindikufuna kanthu. Ndikufuna mawa abusa abwere adzawapatse amayi anga Mgonero."

"Amake Thokozani, nkhani imeneyo tinakambirana kale. Adzalowera pati?"

"Pomwe mwalowera inupa."

Anayang'ana mpata uja ngati akuuona koyamba. Anayang'ananso fulasiki, yomwe ndinali ndisanaisiye m'manja. Tinakhala choncho kanthawi, ine ndagwira chivundikiro, iwo agwira chogwirira.

"Chabwino," anatero. "Cha m'ma wani koloko, tikangoweruka. Koma mutseke sitoloyi tsiku lonse. Pasapezeke woledzera, pasamveke wailesi, pasaoneke botolo ngakhale limodzi. Abusa ndidzawauza kuti njira ya m'minda ndi yachidule."

Ndinasiya fulasiki ija. Anaibisa m'jekete n'kuwerama pansi pa nthochi mwaluso lomwe linandidabwitsa kwa munthu wodzera pamenepo koyamba.

Madzulo ake ndinawauza amayi. Anandiyang'ana ndi diso lawo labwinolo kuti aone ngati sindikuwanyengerera ngati mwana. Kenako anati ndiwawenge zikhadabo. Chakudya chamadzulo anadya pang'ono, akuti munthu sapita ku gome la Ambuye atakhuta kalongonda.

Lamulungu ndinadzuka ndi tsache m'manja. Amene sanagulitsepo mowa sangadziwe kuti Lamulungu lotsatira malipiro a ku esiteti ndi tsiku lotani. Ndi tsiku limene filiji imatha kawiri, tsiku limene munthu umaiwala kudya. Ine ndinalitseka ndi loko wamkulu. Ndinasesa zitsekerero za mabotolo zonse pabwalo mpaka m'ngalande. Makireti amene amakhala kuseri ndinawaunjika pakona n'kuwafunditsa zitenje zanga zopitira kuukwati. Ndinathira madzi a sopo pamene amuna amakonda kuimirira akamwa, ndikutukwana chamumtima aliyense amene ndinkamudziwa kuti amaima pamenepo. Pomaliza ndinang'amba katoni n'kulembapo ndi makala kuti LERO TATSEKA, n'kupachika pachitseko cha kumaso.

Kenako ndinawasambitsa amayi. Ndinawaveka yunifolomu yawo ya amayi a mpingo, bulawuzi yoyera, siketi yakuda, ndi mpango woyera kumutu. Bulawuziyo inali itawakulira, mapewa akulendewera. Mpango ndinamanga katatu, chifukwa kawiri konse anati wapendekeka, ngakhale analibe galasi. Ndinawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo, n'kuika tebulo laling'ono pambali pa bedi, n'kuyalapo nsalu yoyera. Anati nditseke chitseko kuti fumbi lisalowe, ndipo ndiwaimbire nyimbo ya m'buku. Ndinaimba. Mawu ena ndinali nditaiwala, iwo n'kumandikonza ndi theka la pakamwa.

Pamenepo ndi pamene ndinapusa, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kudzimenya khofi. Ine mwini malamulo a pamalopo, ine amene ndinazoloweretsa anthu zaka zonsezi, sindinaganize kuti chikatoni chija amuna a pa Limbuli achiwerenga bwanji.

Itangokwana hafu pasiti thwelofu ndinatuluka kuti ndikaone ngati mbuzi sizinaipitse pampata. Mbuzi panalibe. Panali amuna. Anali atakhala mwaulemu mumthunzi wa nthochi, ena pansi, ena pazitsa, mzera wake kutulukira pampata mpaka m'munda wa eni ake. Anali oposa khumi ndi asanu. Kutsogolo kunali a Kingstone, oyendetsa thirakitala ku esiteti, amenenso amatsogolera kwaya, tayi ili pakhosi. Pambuyo pawo panali a Felix, dikoni, Baibulo lili pamiyendo. Kutchalitchi anali atangoweruka kumene, ndipo ena milomo inali isanaume n'komwe vinyo wanga uja.

"Mukutani pano?"

"Taona mwatseka kumaso," a Kingstone anatero.

"Ndalemba kuti tatseka."

"Eya, taona. N'chifukwa chake tadzera kuno."

"Ndatseka konse, kumaso ndi kuseri komwe. Nyamukani, chonde, dzipitani."

Anaseka chapansipansi. Wina anafunsa ngati kwabwera apolisi, n'kulonjeza kuti akhala chete ngati ali pamaliro. Wina anati mwina ndikufuna kukweza mtengo. A Felix anati iwo sakhalitsa, kukhosi kwangouma ndi nyimbo, ndipo kavinyo ka lero kaja kangowautsa ludzu.

"Kanali kabwino lero," wina anavomereza kumbuyo. "A ku Blantyre ayamba kudziwa zinthu."

Ndikanawauza zoona, koma a Alufeyo anali atandilumbiritsa kuti nkhaniyi isatuluke. Ndipo ngakhale ndikanati abusa akubwera, akanakhulupirira ndani? Abusa pa nthochi za Doris? Ndinawapempha, ndinawakalipira, ndinatchula mayina a akazi awo. Mwamuna amene walandira dzulo ndipo wakhala maola anayi pabenchi ya tchalitchi sasuntha ndi mawu. Amangokuyang'ana ndi maso achisoni, ngati iwe ndiye ukumulakwira.

"Amake Thokozani," a Kingstone anatero, "mmalo motaya nthawi ndi kukangana, bwanji osangotipatsa limodzilimodzi tizipita? Mphindi zisanu pano pakhala mbee."

Ndinayang'ana dzuwa. Madzi anali atafika m'khosi, ndipo kunena zoona nzeru ya a Kingstone inaoneka ngati yokhayo yotsala. Ndinathamangira m'sitolo kudzera chitseko cham'kati, n'kutsegula filiji, n'kulonga mabotolo mundowa yotungira madzi mpaka kudzaza. Ndinatuluka nayo ndikuikoka ndi manja awiri, mabotolo akulira ngwengwengwe. Ndinayamba kugawa msangamsanga, ndikumuuza aliyense kuti akamwere kutali, ngakhale kumanda ngati akufuna.

Ndinali nditawerama, botolo lili m'dzanja lililonse, pamene ndinaona a Felix nkhope yasintha. Ndinatsatira maso awo. M'minda mwezi umenewo mumakhala mopanda kanthu, chimanga anakolola kalekale, munthu umamuona ali kutali. M'kanjira kotsika kuchokera kumsewu munali anthu awiri. Kutsogolo a Alufeyo, atanyamula kadengu kovundikira ndi nsalu yoyera. Pambuyo pawo abusa, atavala zakuda, kolala yoyera pakhosi, akuyang'ana pansi posankha popondera.

Amuna aja anagwa pansi ngati kwalira mfuti. A Kingstone analowa m'kati mwa tsinde la nthochi ndi tayi yawo yomwe. A Felix anadziphimba kumaso ndi Baibulo. Ndinatsala ndili chiimire ndine ndekha, ndi ndowa yanga.

A Alufeyo anaima. Anaona zonse, ndikudziwa kuti anaona. Anatembenuka msanga n'kuima kutsogolo kwa abusa, kuwatchinga ndi thupi lawo, n'kutulutsa foni m'thumba n'kuiika kukhutu, foni yomwe sinalire. Anagwedeza mutu kangapo, n'kulankhula ndi abusa, dzanja likuloza kumsewu. Abusa anaima pang'ono, n'kutembenuka. Anayamba kubwerera.

Ndinasiya mabotolo n'kudutsa pampata, minga ya mpanda n'kundikola chitenje. Ndinathamanga m'mizere youma ija opanda nsapato. Ine si mtsikana, ndipo mizere ya chimanga siithamangika. Pamene ndinkafika kumsewu, njinga yamoto ya abusa inali itanyamuka kale, kadengu kaja katamangidwa kumbuyo. Ndinakuwa, koma lole ya tiyi inadutsa nthawi yomweyo. Pamsewu panatsala a Alufeyo okha, akupukuta thukuta ndi kampango.

"Mwawauza chiyani?"

"Ndati odwala uja apita naye kuchipatala m'mawa uno."

"Amayi anga ali m'nyumba, avala yunifolomu chiyambire m'mawa."

"Nanga inu mumafuna nditani? Tinapangana kuti pasaoneke botolo. Ine ndafika ndapeza msika."

"Msikawo ndi wanu. Ndi dikoni wanu, ndi kwaya yanu."

"N'chifukwa chake," iwo anatero, osachita ndi manyazi omwe. "Abusa akanaona anthu aja, lero tikanadula theka la amuna a mumpingo. Akanatsala ndani woimba besi? Muziganiza, amake Thokozani. Nkhalamba imodzi ingadikire, koma mpingo sungathe tsiku limodzi."

"Aimbireni foni abwerere. Adzalowere kumaso, ndatsekako."

"Akuthamangira kunthambi ina, kupitirira Nkando. Kumeneko anthu akudikira kuyambira m'mawa. Abweranso mu Januwale. Tidzakonza bwino nthawi imeneyo."

Ndinawauza kuti ndikaima pakati pa msika n'kulengeza kumene kunachokera vinyo amene mpingo wonse wamwa lero. Anapinda kampango kawo bwinobwino n'kukabwezera m'thumba.

"Kaneneni. Koma mudziwe kuti amayi anu ndi amene adzayambe kumva."

Pamenepo anandigwira pakhosi, ndipo ankadziwa. Ndinawatchula mawu ena amene sindingalembe pano, n'kubwerera m'minda momwemo, mapazi akutuluka magazi.

Pa nthochi ndinapeza amuna aja adzuka, akudzisansa fumbi. Ndowa inali itatsika kale ndi theka. A Kingstone anali ndi tsamba louma la nthochi paphewa, botolo lili m'manja, losatsegula.

"Apita?" anafunsa. Kenako anawonjezera kuti, "Ndiye opena ija ili pati?"

Ndinatola munsi umene unali pafupi ndi mtondo. Sindinamenye munthu, koma sikuti ndinalibe cholinga. Zimene mawu analephera kuchita kwa theka la ola, munsi unachita m'kuphethira kwa diso. Anapanikizana pampata mpaka kugwetsa mpanda mbali imodzi. Ndinakhala pamtondo paja kanthawi, ndikupuma, ndikuopa chitseko cha chipinda cha amayi kuposa chilichonse chimene ndinaopapo.

Ndinawapeza ali momwe ndinawasiyira, atatsamira mapilo, dzanja labwinolo lili pamwamba pa lakufalo. Mpango unali usanasunthe. Anayang'ana kumbuyo kwanga, kuchitseko, kenako mapazi anga.

"Ndinamva njinga," anatero.

"Anabwera, amayi. Anafika mpaka m'mundamo. Ndalakwitsa ndine."

Sanafunse kuti ndalakwitsa bwanji. Phokoso la mabotolo anali atalimva, makutu awo ndi abwinobwino. Ndinalowa m'sitolo, n'kukoka galafawu uja pansi pa kauntala, n'kuthira pang'ono m'kapu yagalasi yabwino kuposa zonse. Ndinanyema buledi n'kuika pambale. Ndinabwera nazo n'kuika patebulo lansalu yoyera lija.

"Ndi yemweyo, amayi. Amene amwa anzanu lero kutchalitchi anachokera m'botolo lomweli. Ndinathira ndine ndi manja angawa. Mapemphero ake mumawadziwa kuposa a Alufeyo."

Anayang'ana kapuyo nthawi yaitali. Ndinaona pakhosi pawo pakuyenda.

"Chotsa, Dorisi," anatero mofatsa. "Pano ndi mowa."

Ndinachotsa. Nditabwerera anandifunsa kuti abusa abweranso liti. Ndinati mu Januwale, mvula ikadzagwa, ndipo ulendo umenewo ndidzatseka mpatawo ndi njerwa, ndidzakaima ndekha pamsewu, ndidzawagwira abusa dzanja. Ndinalankhula zambiri. Iwo ankangoyang'ana kudenga, milomo ikuyenda, akutchula miyezi umodziumodzi.

"Ndivule," anatero pomaliza.

Ndinamasula mpango. Ndinatulutsa dzanja lakufa lija m'bulawuzi pang'onopang'ono, monga ndimachitira masiku onse. Kwathu kuno mayi wa mpingo akamwalira amamuika m'manda atavala yunifolomu yake. Nditapinda bulawuziyo n'kutsegula sutikesi, amayi anandiitana.

"Usaiike pansi pa zovala. Uiike pamwamba, anthu asadzavutike kufuna."

Ndinaiika pamwamba.